Kodi Kino analakwanji? Za kupeza mfundo zazikulu m'mabuku a mayeso

Chaka chilichonse chiperoni chikayamba kuphimba phiri la Soche, ana a Fomu 4 amakhala atalowa m'nyengo yogona ndi makope kumutu, ndipo ine ndimakwera minibasi ya ku Zingwangwa chikwama chitadzaza ndi zimangirizo zoti ndikachonge. Madzulo ena ndinakhala pakhonde ndi mulu wa mapepala a kalasi yonse. Funso ndinapereka ndekha: fotokozani mfundo yaikulu imodzi ya m'buku la The Pearl, lolembedwa ndi John Steinbeck. Pepala loyamba linati dyera. Lachiwiri dyera. Pofika lakhumi tiyi anali atazizira, ndipo ndinali nditayamba kuloweza nawo: Kino anali wadyera, anakana ndalama zimene anamupatsa, mapeto ake mwana wake anafa, choncho tizikhutira ndi zomwe tili nazo. Ena anathirako ndi mwambi womwe, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Sikuti anawa ndi ogona m'kalasi ayi. Ambiri nkhaniyo amaidziwa kuyambira pa chinkhanira mpaka kuphanga. Chimene chimawasokoneza ndi mawu akuti "mfundo yaikulu", ndipo ife aphunzitsi sitingasambe m'manja pa chisokonezochi, chifukwa ndife timalemba pabolodi mndandanda wa mawu: dyera, umphawi, chikondi, nkhanza, n'kuwauza kuti koperani, mfundo zazikulu ndi zimenezi.

Mawu amenewo ndi mitu chabe. Dyera ndi mutu, monga mmene "njala" ungakhalire mutu wa nkhani pa wailesi. Sunanenebe kanthu za njalayo. Phunziro nalo ndi chinthu china: ndi langizo limene wowerenga amadzitengera, loyamba ndi "tizi" kapena "tisama". Mfundo yaikulu ili pakati pa ziwirizi. Ndi chimene buku likunena za mutuwo kudzera m'zochitika zake, m'zimene ampangankhani akuchita ndi zimene zikuwagwera. Njira yachidule yoiyesera ndi iyi: mfundo yaikulu ndi chiganizo chathunthu chimene munthu wina woganiza bwino angathe kuchitsutsa. Palibe angatsutse mawu akuti "dyera". Palibenso angatsutse zoti kuba n'koipa. Koma mukanena kuti m'buku la Steinbeck munthu wosauka akapeza chuma, amene amayamba kudya naye ndi anthu omwe aja ankamutsekera chipata, pamenepo mwanena kanthu, ndipo mnzanu akhoza kukuuzani kuti onetsa umboni.

Chizolowezi chofunafuna phunziro sichinachokere kutali. Tinakula ndi nthano. Agogo akati "Padangokhala", ife n'kuvomera "Tilitonse", tinkadziwiratu kuti kumapeto Fisi apsa ndipo wina afunsa kuti mwatolapo chiyani. Kupulayimale funso lomaliza pansi pa nkhani linali lomwelo. Ku Sande sukulu chimodzimodzi. Ndiye mwana akafika Fomu 3 n'kupatsidwa buku, amaliwerenga ngati nthano yaitali, maso ali kumapeto kuti aone amene walangidwa, poganiza kuti wolangidwayo ndiye wolakwa. Komatu ngakhale nthano zathuzo, tikazitchera khutu bwino, sizophweka choncho. Kalulu ndi wabodza, ndi wakuba, amanyenga anzake, koma ndi amene amapulumuka, ndipo ana amamuombera m'manja. Phunziro lija nthawi zambiri amachita kulimata kumapeto, nthanoyo ikunena zina za mmene wamng'ono amakhalira ndi moyo pakati pa zilombo zazikulu.

Tiyeni tibwerere kwa Kino, chifukwa mlandu wake ndi umene umaonetsa bwino vutoli. Bukuli linatuluka m'chaka cha 1947, ndipo nkhani yake ikuchitikira ku La Paz, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Mexico, kumene Steinbeck anafikako mu 1940 n'kumvako nthano imene anaikuza kukhala buku. Kino ndi mmodzi wa eni nthaka a kumeneko, wosauka, amene amadya za kumira m'nyanja kufunafuna ngale. Mwana wake wakhanda, Coyotito, analumidwa ndi chinkhanira. Mayi wa mwanayo, Juana, anayamwa ululu pabalapo, kenako banja lonse ndi anthu a m'mudzi anakhamukira kwa dokotala. Dokotala anakana kutuluka. Kino anali ndi tingale tisanu ndi titatu tosaoneka bwino, ndipo wantchito wa dokotala anamubwezera n'kunena kuti abwana achokapo. Kino anamenya chipata ndi chibakera mpaka zala kuchucha magazi. Tsiku lomwelo anamira n'kutulutsa ngale yaikulu imene munthu anali asanaionepo.

Apa ndi pamene ndimawauza ana kuti tsekani manotsi, tsegulani buku lenilenilo pa mutu wachitatu. Mbale wake, Juan Tomás, atamufunsa kuti tsopano poti walemera achita chiyani, Kino anatchula zotani? Akufuna kukadalitsa ukwati wake kutchalitchi. Akufuna zovala zatsopano. Akufuna mkondo wobayira nsomba m'malo mwa umene unatayika. Akufuna mfuti. Ndipo chachikulu, akufuna Coyotito apite kusukulu, adziwe kuwerenga ndi kuwerengera, kuti anthu a mtundu wake asamangouzidwa kuti m'buku mwalembedwa chakuti iwo osatha kuona okha. Ndimawafunsa kuti pa zimenezi dyera lili pati. Bambo ako amene amadzuka mbandakucha kukagulitsa makala ku Mbayani kuti iwe ulipire fizi, ndi wadyera? Kalasi imakhala zii.

Kenako timayang'ana mmene mbiri ya ngale inayendera m'tauni, ndime imene ambiri amaidumpha poti ilibe ndewu. Wansembe atamva, anakumbukira zofunika kukonza patchalitchi. Eni masitolo anayang'ana zovala zimene sizinkayenda malonda. Opemphapempha a pakhomo pa tchalitchi anaseka ndi chimwemwe. Dokotala uja anayamba kunena kuti Kino ndi munthu wake, ndipo madzulo anabwera yekha kumudzi kumene anali asanafikeko, n'kumwetsa mwana yemwe anali atayamba kale kupeza bwino ufa woyera umene unamudwalitsa, kuti abwerenso ngati mpulumutsi. Dyera lilipodi m'bukuli, lambiri, koma wolemba waliyika m'matumba a anthu ena poyamba.

Mutu wachinayi ndiwo mtima wa nkhani. M'tauni munali maofesi angapo a ogula ngale, koma onse anali antchito a munthu mmodzi, ndipo anali atapangana kale mtengo. Woyamba anali ndi chizolowezi choseweretsa kandalama kachitsulo pa zala zake pansi pa tebulo. Ataona ngaleyo nkhope sinasinthe, koma kandalamako kanamupulumuka. Pakamwa pake panatuluka zoti ngaleyi ndi yaikulu mopitirira, palibe angaigule, apereka mapeso (ndalama za ku Mexico) 1,000. Kino ankati ndi ya 50,000. Ogula ena ataitanidwa, wina anatchula 500. Kino atanyamuka mokwiya, mtengo unakwera kufika pa 1,500.

Tsiku lina tikuwerenga ndime imeneyi, mtsikana wina wa ku Bangwe, amene sakonda kuyankhula m'kalasi, anakweza dzanja. "Aphunzitsi, amenewatu ndi mavenda a nandolo." Ndinati fotokoza. Iye anati akapita kwa agogo ake nthawi yokolola, pamsika pamakhala masikelo atatu kapena anayi, aliyense ndi mwini wake, koma mtengo umodzi, ndipo dzuwa likapendeka matumba onse amakwera lole imodzi. Ukakana apa n'kupita apo, wa apoyo amatsitsanso, kuti ubwerere kwa woyamba uli wothokoza. Mwana ameneyu anali atapeza mfundo yaikulu popanda pamfuleti. Anangosowa munthu womuuza kuti zimene wanenazo ndi zimene funso likufuna.

Koma pali kachinthu kena kamene ndimakakonda kwambiri m'mutu umenewu, chifukwa kamagwetsa phunziro lija la "tizikhutira ndi zomwe tili nazo". Ali m'njira kupita kwa ogula, Kino ndi Juan Tomás anakumbutsana za makolo awo. Kale anthuwa anaganiza zosonkhanitsa ngale zawo n'kutuma munthu mmodzi kukagulitsa ku likulu. Munthuyo sanabwerere. Anatumanso wina, nayenso anasowa. Ndipo wansembe ankalalikira za nkhaniyi chaka ndi chaka, kunena kuti chinali chilango chifukwa munthu aliyense anaikidwa pamalo pake ngati msilikali, ndipo sayenera kuchokapo. Mwaona? Phunziro limene ana athu amalemba ngati maganizo a wolemba, m'bukumo lili m'kamwa mwa wansembe, yemwe uja anakumbukira zokonza tchalitchi atamva za ngale. Amene amapindula anthu akamvera ulaliki umenewo ndi ogula aja. Choncho musanatenge mawu anzeru a m'buku n'kuwasandutsa mfundo yaikulu, yambani mwafunsa kuti akuyankhula ndani, ndipo iyeyo apezapo chiyani.

Sindikunena kuti Kino ndi mngelo. Wophunzira amene angaime pamenepo nayenso wawerenga theka. Ngale ija inamusintha. Juana atazemba usiku kuti akaiponye m'nyanja, Kino anamutsatira, anamumenya kumaso n'kumupondanso. Usiku womwewo anapha munthu amene anamuwukira m'njira. Bwato la makolo ake analiboola, nyumba anaitentha, ndipo iye mwini anauza mbale wake kuti ngaleyo yasanduka mzimu wake. Kumapiri anapha anthu atatu amene ankalondola mapazi awo, koma chipolopolo chinali chitapeza kale Coyotito m'phanga, mmodzi wa olondolawo ataganiza kuti kukulira kankhandwe. Ndiye buku likunena zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti Kino anali ndi chifukwa chomveka chokanira kuberedwa, komanso kuti polimbana ndi amene ankamuberawo anayamba kufanana nawo. Chimangirizo chabwino chimasenza zonse ziwiri. Chosavuta n'kutaya chimodzi kuti mtolo upepuke.

Yerekezaninso tsamba loyamba ndi lomaliza, muone chimene chasintha. Nthawi zonse Kino ankatsogola, Juana pambuyo. Pobwerera ku La Paz akuyenda mbali ndi mbali. Juana wanyamula mtembo wa mwana m'nsalu, Kino wanyamula mfuti. Pa zinthu zonse zija anazitchula, chimene anachipeza ndi mfuti yokha. Wolemba sakuchitapo ndemanga, wangoiyika pamkono pa Kino, ndipo ntchito ya wophunzira ndi kuiona n'kunena tanthauzo lake.

Chisudzo cha Macbeth chili ndi msampha wina, ndipo kuno kwathu msamphawo ndi wamphamvu. Mukangofika pa afiti atatu aja, kalasi imagwirizana msanga: Macbeth analodzedwa. Mnyamata wina wa ku Ndirande anandiuza mopanda kukayika kuti, "Sala, munthu uja anamudyetsa, si nzeru zake zija." Sindimaseka yankho lotere, chifukwa anthu amene William Shakespeare ankawalembera cha m'ma 1606 ankakhulupiriranso za ufiti. Mfumu yawo, James, amene analowa ufumu wa England mu 1603 ali kale mfumu ya Scotland, anali atalemba yekha buku la za ufiti mu 1597. Koma funso si lakuti afiti aliko kapena kulibe. Funso ndi lakuti m'chisudzomo anachita chiyani.

Anamulonjera Macbeth ndi maudindo atatu: Glamis umene anali nawo kale, Cawdor umene anali asanadziwe kuti wapatsidwa, ndi ufumu wa m'tsogolo. Mawu akuti ukaphe mfumu Duncan sanatuluke m'kamwa mwawo. Ganizo la kupha linabadwa m'mutu mwa Macbeth pamalo pomwepo, akudziyankhulira yekha, asanakumane ndi mkazi wake. Ndipo pambali pake panali msilikali mnzake Banquo, amene afiti omwewo anamuuza kuti ana ake adzakhala mafumu, koma iye sanasolole mpeni. Wolemba akaika anthu awiri pa mayesero amodzi, wina n'kugwa wina n'kuima, akukupatsani sikelo. Mfundo imene ingatuluke apa ndi yoti mawu a kunja amangodzutsa chimene chinali chigonere m'kati mwa munthu. Wina akhoza kutsutsa, n'kunena kuti popanda afiti Macbeth akanafa ali msilikali wokhulupirika. Ameneyo ndimamupatsa malikisi ngati wabweretsa umboni.

Za Banquo pali kambiri kosangalatsa. Shakespeare anatenga nkhaniyi m'buku la mbiri la Raphael Holinshed, ndipo mmenemo Banquo anathandiza nawo kupha Duncan. Koma Mfumu James ankati ndi mdzukulu wa Banquo, ndiye simungaonetse gogo wa mfumu ali chigawenga mfumuyo ili moyo, Banquo anayeretsedwa. Macbeth weniweni analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, zaka 17, ndipo Duncan anafera kunkhondo, osati pabedi. Mbiri yotere imathandiza wophunzira kuona kuti wolemba anachita kusankha, ndipo pamene wasintha dala pali chimene akufuna. Koma chenjerani, ena amadzaza tsamba lonse ndi zaka ndi mayina a mafumu osakhudza chisudzo n'komwe. Mbiri ndi mchere, si ndiwo.

Njira ina yodalirika yopezera mfundo yaikulu ndi kulondola chinthu chimene chikubwerabwera. M'chisudzochi ndi magazi ndi madzi. Duncan atangophedwa, Macbeth akuyang'ana manja ake n'kunena kuti ngakhale nyanja yonse singawatsuke. Mkazi wake akumunyoza, akuti timadzi pang'ono tikwanira. Pitani ku chigawo chachitatu, phwando litasokonekera ndi mzukwa wa Banquo: Macbeth akunena kuti walowa kale m'magazi mpaka pakati, kubwerera ndi kupitirira n'chimodzimodzi, ndipo akupitirira, mpaka kupha mkazi ndi ana a Macduff, mmodzi wa akuluakulu a dzikolo. Pitani ku chigawo chachisanu: mayi uja wa timadzi pang'ono akuyenda ali m'tulo, kandulo m'manja, akupukuta dontho limene dokotala ndi mdzakazi sakuliona, akudandaula kuti zonunkhira zonse za ku Arabia sizingachotse fungolo. Awiriwa asinthana malo. Amene anayamba ndi mantha wauma mtima, amene anayamba wouma mtima wasweka. Wophunzira amene waika malo atatuwa pamzere umodzi ali ndi ndime yolimba kuposa amene walemba kuti "chikumbumtima" n'kufotokozanso nkhani yonse.

Ndipo magaziwo sanayambe ndi Duncan. Chisudzo chikungoyamba, msilikali wovulala akusimba mmene Macbeth anang'ambira chigawenga Macdonwald kuyambira pamchombo mpaka kunsagwada, n'kupachika mutu wake palinga. Mfumu Duncan inamva zimenezi n'kumutamanda, n'kumuwonjezera udindo. Kumapeto mutu umene ukubwera m'manja mwa Macduff ndi wa Macbeth, ndipo anthu akufuula mokondwera. Pa Macdonwald ndi pa Duncan dzanja ndi lomwelo, mpeni ndi womwewo; chasintha ndi amene wabayidwa. Sindikakamiza ana kuvomereza kuti dziko limene limalipira munthu chifukwa cha kupha likudzisulira lokha mpeni, koma ndimafuna aione mitu iwiriyo.

Wina angaganize kuti zonsezi ndi za mabuku a Chingerezi, kuti ku Chichewa zinthu n'zosavuta poti chiyankhulo ndi chathu. Ine ndimaona kuti kumeneko ndiye ulesi umakula, chifukwa mwana amati ndamva zonse. Tengani Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara, amene mabuku akale amalemba kuti Ntara. Linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa dzina lakuti Man of Africa. Likusimba moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa: mnyamata wovuta ndi wakuba, wopita kutali kukafuna ntchito, wobwerera kwawo, wolongedwa ufumu, wotembenuka mtima n'kulowa Chikhristu. Ana amalemba kuti kuba n'koipa, kapena kuti munthu amasintha, n'kutseka kope.

Koma wolembayo anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo ankalemba m'nthawi ya atsamunda, akudziwa kuti oyamba kuwerenga ndi kuweruza adzakhala azungu. N'zosadabwitsa kuti msewu wa nkhaniyo ukukathera kutchalitchi. Chofunika kuchiona ndi kumene wolemba akuchedwa m'njiramo. Akuchedwa pa miyambo ya m'mudzi, pa malangizo a akuluakulu, pa mmene anthu amakambira milandu ndi kusungana. Munthu sachedwa chotero pa zinthu zimene akuzinyoza. Ndiye pali zimene buku likunena mokweza, palinso zimene likuonetsa ndi kuchuluka kwa masamba, ndipo pamene ziwirizi zikukokana ndi pamene pali chimangirizo chokoma: kodi mudzi unalephera kumuwongola Nthondo, kapena ndi mudziwo umene unamulandiranso n'kumupatsa mpando asanamve za ubatizo? Funso lotere mwana wa ku Chilomoni, amene Lamlungu ali kukwaya koma pa maliro a kumudzi amatsata zonse zimene amalume anena, akhoza kuliyankha kuchokera pansi pa mtima.

Nanga m'chipinda cha mayeso zimatheka bwanji, woyang'anira akuyendayenda, nthawi ikuthamanga? Ndime yofooka imaoneka chonchi: "Mfundo ina ndi umphawi. Kino anali wosauka. Ankakhala m'nyumba ya maudzu. Analibe ndalama zolipira dokotala. Izi zikuonetsa umphawi." Zonsezi n'zoona, koma ndimeyo yazungulira n'kubwerera pamene inayambira. Ina yochokera pa mfundo zomwezo ikhoza kuyenda motere: "Bukuli likuonetsa kuti umphawi wa Kino si kusowa ndalama kokha, koma kusowa njira yodziwira ngati akunamizidwa. Dokotala atanena kuti ululu wabisala m'thupi mwa mwana, Kino anakayika koma analola, poti sakanatha kupikisana ndi zolembedwa m'mabuku. Ogula atanena kuti ngale ilibe mtengo, analibe kwina kofunsa. N'chifukwa chake loto lake lalikulu linali sukulu ya Coyotito." Kutalika kwake sikusiyana kwenikweni. Kusiyana kuli pa chiganizo choyamba, chimene chalonjeza kanthu, ndi zitsanzo ziwiri zochokera malo osiyana zimene zakwaniritsa lonjezolo. Mwana adzalemba zimenezi m'Chingerezi, inde, koma ine ndimawalola kukangana m'Chichewa poyamba. Ganizo limene silinapse m'chiyankhulo chimene umalota nacho silingapse pongolisamutsa.

Aphunzitsi anzanga ena amanditsutsa, ndipo sindinganene kuti alibe mfundo. Amati mayeso a MANEB ali ndi nthawi yake, mafunso ambiri amatchuliratu mutu n'kupempha zitsanzo, ndiye mwana woloweza mitu ndi zitsanzo zake amakhoza bwinobwino, bwanji kumusokoneza? Amatinso m'kalasi ya ana ochuluka, buku limodzi likugwiridwa ndi anthu asanu, lina masamba akumapeto anathothoka, ukayamba zokambirana silabasi siitha. Zoona. Inenso ndaonapo ana akugula timapamfuleti kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe chifukwa buku lenileni silikupezeka kapena ladula, ndipo sindingawadzudzule. Koma woloweza amagwa tsiku limene funso latembenuzidwa pang'ono. Analoweza "dyera la Kino", funso n'kubwera lakuti sonyezani mmene anthu a m'tauni anadyera masuku pamutu anthu a m'mudzi, basi cholembera chili m'kamwa. Amene anatsata nkhani ndi mafunso ake ali ndi katundu yemweyo, koma amatha kumumasula n'kumumanganso mwina. Ndipo mabukuwa si aatali. The Pearl ili ndi mitu isanu ndi umodzi yokha. Gulu la ana asanu likhoza kuwerengerana mokweza masana atatu pansi pa mtengo n'kulimaliza.

Palinso ngozi ya mbali inayi, ndiyenera kuitchula. Mwana akamva kuti mfundo yaikulu ndi maganizo otsutsika, amayamba kuganiza kuti chilichonse n'chololedwa. Wina anandilembera kuti ngale ikuimira foni yamakono. Ayi. Buku ndi limene lili ndi mawu omaliza. Ngati simungaloze malo awiri kapena atatu amene akuchirikiza zimene mwanena, ndipo ngati pali malo ena amene akukutsutsani poyera inu n'kuwabisa, ndiye kuti mukulemba za inu, osati za buku. Kufanizira ogula ngale ndi mavenda a nandolo kunathandiza mtsikana uja kumvetsa, koma pa pepala la mayeso ayenera kulemba za La Paz.

Sabata yomaliza tisanatseke zobwereza, ndinawabwezera mapepala aja a dyera n'kufunsa funso limodzi: Kino akanatani? Mnyamata wa ku Ndirande uja anayankha msanga. "Akanangolandira 1,500 ija, sala. Ndi ndalama zambiri kwa munthu amene sanagwirepo kanthu. Mwana bwenzi ali moyo." Ndinamuuza kuti anthu ena a m'mudzi mwa Kino ananenanso zomwezo usiku umenewo, atsegule aone. Anatsegula, anapeza, n'kumwetulira ngati wawina mlandu. Mtsikana wa ku Bangwe sanakweze dzanja ulendo uno, anangotembenukira kwa mnzakeyo. "Nanga dokotala uja ankadikira malipiro ake, wansembe akudikira zake, akuba anali atabwera kale usiku woyamba ngale isanagulitsidwe n'komwe. Iwe ukuganiza kuti 1,500 yo ikanagona m'nyumba ya maudzu masiku angati?" Belu linalira mnyamatayo akufufuzabe tsamba loti amuyankhire, ndipo potuluka pageti ndinawapeza ataima pa siteji ya minibasi, buku lopanda chikuto lili pakati pawo, kondakitala akuitana a ku Limbe iwo osamumva.